Tsiku Limene Mfumu ya ku Sweden Inasiya Kusankha Nduna

Aliyense wotsata ndale za ku Sweden amazizwa ndi mmene maboma a kumeneko amagwera ndi kudzukanso popanda mfuti kulira, ndiponso mmene zipani zomwe dzulo zimalozana zala zimakhalira pamodzi lero kugawana maunduna. Ambiri amati mwambo umenewu anauyambitsa ndi a chipani cha Social Democrats, amene anatsogolera boma pafupifupi mosalekeza kuyambira 1932 kufikira 1976. Koma ine ndimakhulupirira kuti muzu wake uli m'zaka zinayi zokha, kuyambira 1914 kufikira 1917, ndi kuti munthu woyenera ulemu woposa onse pa nkhaniyi ndi amene anagonja, nanyozedwa, namwalira asanaone chipatso cha ntchito yake.

Za makedzana sitichedwapo. Nyumba ya Malamulo ya ku Sweden, yotchedwa Riksdag, ambiri amaiwerengera kuyambira pa msonkhano wa ku Arboga m'chaka cha 1435, ndipo kwa zaka mazana anayi inali ya magulu anayi: mfulu za m'mabanja omveka, atsogoleri a mpingo, amalonda a m'mizinda ndi alimi. Pakati pa 1719 ndi 1772 nyumbayi inakula mphamvu kuposa mfumu, kufikira mfumu Gustav III inaipondereza. Malamulo a 1809 anagawa ulamuliro pakati pa awiriwo. M'chaka cha 1866 magulu anayi aja anathetsedwa, m'malo mwake munabwera zipinda ziwiri. Ndipo mu 1876 Louis De Geer anakhala woyamba kutchedwa nduna yaikulu. Komabe nduna zinali za mfumu. Iyo ndiyo inkaziitana, iyo ndiyo inkazichotsa, ndipo aphungu ankangoyankhula.

Karl Staaff, loya wa chipani cha Liberal, ndiye anaimirira kutsutsa zimenezi. Chiphunzitso chake chinali chakuti boma liyenera kutuluka mwa aphungu ochuluka a chipinda chosankhidwa ndi anthu, ndi kuti mfumu, ingakhale ilemekezedwe chotani, isamayankhule za ndale mosemphana ndi nduna zake. Atalowanso pa mpando wa nduna yaikulu mu 1911, anaimitsa ntchito yomanga chombo chachikulu chankhondo, pofuna kuti ndalama za chitetezo ziunikidwe kaye. Pamenepo adani ake anayendetsa msonkhamsonkha dziko lonse, napeza ndalama zokwanira kumanga chombocho boma lisanavomere. Chidani chinakula kotero kuti m'masitolo munkagulitsidwa timbale tozimitsira fodya tokhala ndi nkhope ya Staaff, kuti olemera azimuzimitsira ndudu kumaso, ndipo ena anamunamizira kuti anagulitsa dziko kwa a Russia. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mwamuna ameneyu anazilandira zonse osasuntha.

Pa 6 Febuluwale 1914 alimi pafupifupi 30,000, ochokera m'zigawo zonse, anaguba m'misewu ya Stockholm kukafika pabwalo la nyumba yachifumu kukapempha kuti chitetezo cha dziko chilimbitsidwe msangamsanga. Mfumu Gustaf V inatuluka kukawalandira, ndipo inawayankha ndi mawu amene nduna zake sizinawaone n'komwe, mawu amene anakonzedwa mseri mothandizidwa ndi Sven Hedin, mlendo wotchuka uja woyendera maiko a ku Asia. M'mawuwo mfumu inatchula asilikali ndi zombo ngati zakezake, nifuna kuti nkhani ya chitetezo ithe pompo, zimene zinali zosemphana poyera ndi ndondomeko ya boma. Patapita masiku awiri, antchito ochuluka koposa alimi aja anaguba kukaima kumbali ya Staaff. Iye anapita kwa mfumu kukapempha lonjezo lakuti siidzayankhulanso za ndale osadziwitsa nduna zake, mfumu inakana, ndipo boma lonse linatula pansi udindo.

Pano ndipo pamene ine ndimasiyana ndi olemba ena, amene amati Staaff anaumitsa khosi mopanda nzeru, nataya boma chifukwa cha mkangano wa ulemu chabe. Kukanakhala kuti anameza mawu a mfumu nakhalabe pampando, funso lakuti mwini boma ndani likanakwiriridwa kwa mbadwo wina wathunthu, pakuti atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo pa tsikulo panayenera kudziwika wolira. Pochoka iye anasiyira mfumu katundu amene sikanatha kumusenza, ndiye kulamulira dziko popanda aphungu. Inaitana Hjalmar Hammarskjöld, bambo wake wa Dag Hammarskjöld uja amene anafera pa ngozi ya ndege pafupi ndi Ndola mu 1961, kuti apange boma la anthu opanda chipani. Nkhondo yaikulu itabuka m'chaka chomwecho, zipani zinayamba zakhala chete. Staaff anamwalira mu Okotobala 1915. Koma malonda a panyanja atatsekeka, njala inalowa m'mizinda, Hammarskjöld anachoka mu Malichi 1917, mwezi womwewo umene mfumu ya ku Russia inagwetsedwa, ndipo posakhalitsa anthu anachita zipolowe chifukwa cha buledi ndi mbatata.

Chisankho cha chaka chimenecho chinakomera a Liberal ndi a Social Democrats, ndipo ngakhale mfumu inayesa njira zina, pomaliza inaitana Nils Edén, mphunzitsi wa mbiri yakale pa yunivesite ya Uppsala, amene analowa m'malo mwa Staaff pa utsogoleri wa chipani. Edén sanathamangire mpando. Anayamba wafuna kuti mfumu imutsimikizire kuti idzamvera uphungu wa nduna zake, osati wa anthu a kuseri. Ndipo italola, pa 19 Okotobala 1917, panakhazikitsidwa boma la zipani ziwiri, Hjalmar Branting wa Social Democrats ali nduna ya zachuma. Palibe chilembo chimodzi cha malamulo a 1809 chimene chinasinthidwa pa tsikulo, koma kuyambira pomwepo palibe mfumu ya ku Sweden imene inasankhanso boma motsutsana ndi Riksdag. Boma lomwelo ndilo linatsegula chisankho kwa anthu onse, kotero kuti amayi anavota koyamba pa chisankho cha aphungu mu 1921. Ndipo ntchito imene inawasonkhanitsa itatha, zipani ziwirizo zinasiyana mu 1920 pa nkhani ya misonkho. Branting ali ndi ulemu wake, pakuti analetsa anthu ake kutsata njira ya chipolowe pamene magazi ankakhetsedwa pa nkhondo ya pachiweniweni ku Finland. Koma khomo limene analowera analitsegula ndi ena.

Zotsatira zake zonse ndi nthambi za mtengo umenewo. Mu 1933 nduna yaikulu Per Albin Hansson wa Social Democrats anapangana ndi chipani cha alimi, iye nalandira ntchito za anthu osowa ntchito, iwo nalandira chitetezo cha mitengo ya zokolola. Mu Disembala 1939 pafupifupi zipani zonse, koma osati a Komyunizimu, zinalowa m'boma limodzi kufikira nkhondo inatha. Tage Erlander analamula limodzi ndi alimi kuyambira 1951 mpaka 1957. Malamulo atsopano a 1974 anangolemba pa pepala zimene Staaff anafera: tsopano Sipikala ndiye amatchula dzina la nduna yaikulu, ndipo munthuyo amadutsa ngati aphungu omukana sanakwane 175 mwa 349. Chifukwa cha lamulo limeneli Ola Ullsten anapanga boma mu 1978 ndi mavoti 39 okha, boma la Thorbjörn Fälldin litagwa pa mkangano wa magetsi a nyukiliya. Stefan Löfven anadikira masiku 134 chisankho cha 2018 chitatha, nadzachotsedwa ndi aphungu mu Juni 2021. Magdalena Andersson, mayi woyamba pa udindowu, anatula pansi patangopita maola ochepa atasankhidwa, nasankhidwanso patatha masiku asanu. Ndipo Ulf Kristersson analowa mu 2022 ndi mavoti 176 kwa 173, atapangana ku Tidö ndi chipani cha Sweden Democrats, chimene chinachirikiza boma lake popanda kulandira unduna.

M'kusinthana konseku mfumu siifunsidwanso kanthu, ndipo zipani zimakakamizika kufunana zokha, pakuti palibenso wa pamwamba woti aziweruze. Amene analipira mtengo wa zimenezi, ndi mpando wake, mbiri yake ndi thanzi lake, ndi Karl Staaff, ndipo dzina lake liyenera kutchulidwa patsogolo pa la Branting ndi la Hansson.