Kuwala kwachilendo pa phazi la khanda

M'zaka za m'ma 1940, zipatala za ku America zinkapatsa ana obadwa masiku asanakwane mpweya wa okosijeni mosaumira. Ana ankapulumuka, koma ambiri ankachita khungu. Mu 1951 Kate Campbell, dokotala wa ku Melbourne, analoza chala mpweyawo. Zipatala zitauchepetsa, makanda ena anayamba kumwalira. Panafunika muyeso.

Muyesowo unachokera ku Japan. Mu 1972 Takuo Aoyagi, injiniya wa kampani ya Nihon Kohden, anatulukira nzeru ya pulse oximeter. Timagetsi tiwiri, kofiira ndi ka infrared komwe maso sakuona, timawalitsa mnofu. Magazi okhuta okosijeni amamwa kuwalako mosiyana ndi magazi operewera, ndipo kadiso ka mbali inayo kamawerenga kuwala kotsala. Pofika m'ma 1980 makinawa anali atafika m'zipinda za makanda.

Vuto ndi lakuti kadisoko sikasiyanitsa kuwala kwake ndi kwachilendo, chikhalirecho chipinda cha makanda chimadzaza nyale. Zina ndi za buluu zochizira chikasu, zomwe chiyambi chake ndi namwino Jean Ward wa ku Rochford, ku England, amene mu 1956 anaona kuti ana otulutsidwa padzuwa chikasu chimawachepa. Zina ndi zofunditsa, ndipo mu 1984 madokotala anali atalemba kale kuti nyale zotenthetsa za infrared zimasokoneza makinawa. Opanga anayankha mwanzeru: timagetsi timathima kambirimbiri pa sekondi imodzi, makina n'kuyeza kuwala kwa m'chipinda n'kukuchotsera. Kafukufuku wina wa mu 2003 anapeza kuti magetsi wamba sasintha kwenikweni zotsatira.

Komatu kafukufukuyu anayeza anthu akuluakulu athanzi. Phazi la khanda la kilogalamu imodzi si chala cha munthu wamkulu: mnofu ndi wopyapyala, kugunda kwa magazi n'kofooka, mwana amapalapata. Kalamba komangira kadiso kuphazi kakamasuka, kuwala kumalambalala mnofu n'kulowa m'kadiso, ndipo nambala ya okosijeni imakonda kukokera cha ku 85 peresenti, kaya mwana ali bwino kaya akubanika. Ine apa ndi pomwe pamandiopsa, chifukwa 85 ndi nambala yokhulupirika m'maso. Siioneka ngati bodza.

Kusiyana kwa manambala ochepa si nkhani yaing'ono. Kafukufuku wa SUPPORT wa mu 2010 anayerekeza makanda osungidwa pa 85 mpaka 89 peresenti ndi a pa 91 mpaka 95. A m'gulu lotsika ankavulala maso mochepa, koma ankamwalira ochuluka.

Lero ku Chatinkha ku Blantyre, monga m'zipatala zina za Malawi, nyale zochizira chikasu ndi makinawa zimagwira ntchito chipinda chimodzi. Anamwino athu, mangani kalambako bwino, timagetsi ndi kadiso ziyang'anizane, phimbani phazilo ndi kansalu kosalowa kuwala, ndipo nambala ikatsutsana ndi mmene mwana akuonekera, yambani mwayang'ana mwanayo.