Kufunsira malo a PhD ya anthropology: zomwe sukulu zaukachenjede zimayang'ana

Anthropology ndi phunziro lofufuza moyo wa anthu: chibale, chipembedzo, malonda, matenda, ulamuliro ndi chiyankhulo. Chomwe chimalisiyanitsa ndi maphunziro ena ofanana nalo n'chakuti wofufuzayo sadalira mafomu a mafunso okha. Amapita kukakhala ndi anthu omwe akuwafufuza, kawirikawiri kwa chaka chathunthu kapena kuposera apo, kudya nawo, kupita nawo kumaliro, kumsika ndi kubwalo la milandu, n'kumalemba zomwe akuona tsiku ndi tsiku.

Dziko la Malawi si lachilendo m'phunziroli. J. Clyde Mitchell adatulutsa buku lonena za midzi ya Ayao mu 1956, chaka chomwenso Margaret Read adatulutsa lake lonena za Angoni. Wansembe wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, adatha zaka zambiri akufufuza za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ndipo buku lake, River of Blood, lidatuluka mu 1992. Harri Englund wa ku University of Cambridge adalemba buku lathunthu mu 2011 lochokera pa pologalamu ya Nkhani Zam'maboma ya wailesi ya MBC. Maina onsewa ndi a alendo. Ichi n'chifukwa chimodzi chomwe Mmalawi wofuna digiri ya PhD m'phunziroli sayenera kudzikayikira.

Komabe njira yolowera imasiyana dziko ndi dziko, ndipo ambiri amakanidwa chifukwa chotumiza kalata imodzimodzi kulikonse.

Ku United States, phunziroli limagawidwa panayi: chikhalidwe, chiyankhulo, thupi la munthu ndi chiyambi chake, komanso kufukula zakale. Munthu amatha kufunsira malo ali ndi digiri yoyamba yokha, chifukwa zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira zimakhala za m'kalasi. Maphunziro onse amatenga zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposa. Sukulu zambiri zimatseka kulandira makalata mu December, pokonzekera maphunziro oyamba mu August kapena September chaka chotsatira, ndipo zikuluzikulu zimalipirira okha omwe zawasankha fizi ndi ndalama yodyera kwa zaka pafupifupi zisanu. Pachifukwachi malo amakhala ochepa kwambiri.

Ku Britain zinthu n'zosiyana. Digiri ya masters imafunika kaye, maphunziro amatenga zaka zitatu kapena zinayi, ndipo kupatsidwa malo sikutanthauza kupatsidwa ndalama. Thandizo limafunsidwa padera, monga la Commonwealth, la Gates Cambridge, kapena la Rhodes ku Oxford, lomwe Amalawi amapikisanirana ndi anzawo a maiko a kummwera kwa Africa ndipo lili ndi malire a zaka zakubadwa. Ku South Africa, komwe kuli nthambi zodziwika ku University of Cape Town, Wits ndi Stellenbosch, masatifiketi a kunja amayamba aunikidwa ndi bungwe la SAQA, ntchito yomwe imadya nthawi. Ubwino wake ngwakuti, potsatira pangano la zamaphunziro la SADC la 1997, ophunzira a m'chigawochi amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, ngakhale sukulu zimaonjezerapo ndalama ina ya ophunzira ochokera kunja.

Kulikonseko, chomwe chimagamula nkhani si magiredi okha ayi. Ndi funso lomwe munthu akufuna kufufuza, lolembedwa m'chikalata chomwe ku Britain ndi ku South Africa amati research proposal, pomwe ku America amati statement of purpose. Apa mpomwe ambiri amagwa. Kulemba kuti "ndikufuna kufufuza chikhalidwe cha Achewa" si funso, ndi mutu wa laibulale yonse. Koma kufunsa momwe mabanja a kuchikamwini akugawanirana minda pansi pa malamulo a zamalo a 2016, kapena momwe ndalama zotumizidwa pafoni kuchokera ku Johannesburg zikusinthira ulamuliro wa amalume m'mudzi wina wa ku Mangochi, kumaonetsa malo, anthu ndi vuto lomwe munthu angathe kulitsata m'miyezi 12 kapena 18. Chikalatacho chiyeneranso kusonyeza kuti mwini wake adawerenga omwe adalembapo kale, ndi pomwe akusiyana nawo maganizo.

Kudziwa Chichewa, Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena ndi mwayi waukulu, popeza ofufuza ochokera kunja amatha miyezi akuphunzira chiyankhulo asadayambe ntchito. Koma mawu oti "ndine wa komweko" paokha sakopa akadaulo. Iwo amafuna kumva momwe mwana wa m'mudzimo adzafunsire mafunso omwe mwambo sumulola kufunsa apongozi kapena mfumu, ndi momwe adzaonere zinthu zomwe adazizolowera kuyambira ali mwana. Wofunsira malo yemwe wayankha zimenezi mosabisa amaoneka kuti ntchitoyo waimvetsa.

Chachiwiri ndi mphunzitsi woyang'anira kafukufuku. Sukulu yotchuka yopanda katswiri wa nkhani yomwe munthu wasankha njopanda phindu kwa iye. N'chanzeru kuwerenga zomwe aphunzitsi a nthambiyo alemba posachedwa, kenako kulembera mmodzi kapena awiri kalata yaifupi ya pa imelo miyezi ingapo tsiku lotsekera lisadafike. Ku Britain ndi ku South Africa, kupeza wovomera kuyang'anira ndiye khomo lenileni.

Zotsalazo n'zodziwika: makalata a umboni, kawirikawiri atatu, ochokera kwa aphunzitsi odziwadi ntchito ya munthuyo osati akuluakulu a maina omveka chabe, chitsanzo cha zolemba zake, monga mutu umodzi wa kafukufuku wa masters, ndi zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL, zomwe zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Nthambi zambiri za ku America zidasiya kufuna mayeso a GRE. Digiri yoyamba ya sociology, history kapena zaumoyo siletsa munthu kulowa.

Ndalama za kafukufuku weniweni nthawi zambiri zimafunidwa padera. Bungwe la Wenner-Gren la ku New York limathandiza anthropology yokha, ndipo lili ndi thumba la ophunzira a PhD opita kukafufuza. Wobwera kudzafufuza kuno kumudzi, ngakhale ali Mmalawi, amayenera kupeza chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofufuzidwa, monga ya pansi pa National Commission for Science and Technology ku Lilongwe, asadafunse munthu ndi mmodzi yemwe.