Mbiri ya Nsomba za M'nyanja Zowetedwa M'galasi

Ife a kumapiri a Angónia, amene madzi athu amafulatira Nyanja ya Malawi natsikira ku Zambezi kudzera mu Revúbuè, takhala tikuidziwa nyanjayo kupyolera m'dengu la wamalonda. Pakuti chiyambire masiku a makolo anthu ankakwera chitunda kuchokera ku Mtakataka ndi ku Golomoti atasenza usipa, utaka ndi chambo chowamba, nabwerera kwawo ndi chimanga ndi nyemba za kuno. Kufikira lero mayi wogula ndiwo pa msika wa Lizulu kapena wa Ulongwe amatola kansomba kotuwa, nakapinda pofuna kuona ngati kauma bwino, osaganizira kuti abale ake a kansombako, ovala buluu ndi chikasu, akusambira m'matanki agalasi m'nyumba za ku Germany ndi ku America, kumene amagulidwa ndi ndalama zoti kuno zingadyetse banja.

Kutchuka kwa nsombazi kunayamba pang'onopang'ono. David Livingstone anafika kunyanjako mu 1859, ndipo pa ulendo wa mu 1861 mnzake John Kirk anatola nsomba zingapo zimene Albert Günther wa ku London anazilongosola mu 1864. Mu 1935 mayi Ethelwynn Trewavas anasanja mitundu yodziwika pa nthawiyo, ndipo m'zaka za m'ma 1950 Geoffrey Fryer, ali ku Nkhata Bay, anapenyetsetsa moyo wa tinsomba ta m'miyala timene Atonga amatitcha mbuna. Chimene anthu ophunzirawa anavumbula n'chakuti m'nyanja imodzi yokhayi muli mitundu yoposa 700 ya banja la chambo, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse pansi pa thambo. Mbuna imapala ndere pa thanthwe limene inabadwirapo, ndipo popeza siikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, chilumba chilichonse chinasunga mtundu wakewake; yaikazi imasankha mwamuna poona mawanga ake, kenaka nkufungatira mazira m'kamwa pafupifupi milungu itatu, osalawa chakudya, kufikira ana atatha kusambira. Mwa miyala ndi maso a nsomba yaikazi, Namalenga anaika malire amene anakhazikika mibadwomibadwo.

Malonda otumiza nsomba zamoyo kunja anayamba m'zaka za m'ma 1960, pamene Peter Davies anatsegula njirayo, ndipo m'ma 1970 Stuart Grant anakhazikitsa malo ake pa Kambiri Point, kufupi ndi Senga Bay ku Salima. Anyamata ake odziwa kumira ankakusira nsomba m'kaukonde kosalala kuseri kwa miyala ya ku Likoma ndi ku Chizumulu. Zochokera pakuya ankazikweza pang'onopang'ono m'migolo kuti zisatupe ndi kufa, ndipo zikapumula m'matanki ankazimangira m'matumba apulasitiki odzaza madzi ndi mpweya, naziika m'mabokosi opita ku ndege. Gombe lathu la ku Niassa, cha ku Metangula ndi ku Cóbuè, nalonso linapereka mitundu yake. Mu 1985 akatswiri analemekeza Grant potcha nsomba ina Aulonocara stuartgranti.

Koma m'galasi mulibe chilumba, ndipo nsomba yaikazi imene yasowa mwamuna wa mtundu wake imalola amene alipo. Chotero munabadwa nsomba za haibulidi, zina mwangozi, zina mwa dala, monga ija yamathothomathotho imene amalonda amaitcha OB peacock, yobadwa pokweranitsa Aulonocara ndi mbuna, imene sinasambirepo m'nyanja ya makolo ake. Ndipo ku Malaysia, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, oweta anatulutsa flowerhorn ya chipumi chotupa kuchokera ku nsomba za ku Central America. Palibe tchimo kuti munthu akondwere nazo m'nyumba mwake, pakuti n'zokongola ndipo zambiri n'zopirira. Chovuta n'chakuti haibulidi wa nsomba za m'nyanja yathu amaswananso, ndipo ana ake akagulitsidwa ndi dzina la mtundu weniweni, wogula amaweta chabodza nachigawira anzake mosadziwa.

Choopsa chachikulu chinaoneka m'nyanja mwenimweni. M'zaka za m'ma 1960 mbuna za mtundu wa Cynotilapia afra, zotengedwa kumpoto kwa nyanja chifukwa cha malonda omwewa, zinatayidwa pa chilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2004 anasonyeza kuti zinali zitakwerana ndi mbuna za pomwepo. Malowo ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linaiwerengera pa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Komabe palibe lamulo limene lingalekanitsenso magazi osakanikirana, pakuti madzi akatayika saoleka. Ndipo ife a chigawo cha Tete tisayese kuti nkhaniyi ili kutali, popeza nsomba ya ku Nile yofanana ndi chambo, imene inapulumuka kwa alimi a nsomba ku Kariba, yapanikiza mtundu wa komweko kufikira watsala pang'ono kutha, ndipo tsopano yakhazikika mu Cahora Bassa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mlimi wanzeru wa m'tsinde mwa phiri la Domwe amabzala chimanga cha haibulidi, koma mbewu yamakolo amaipatulira munda wake ndi kuipachika pa utsi, podziwa kuti ikatayika sadzaipeza m'sitolo. Nzeru yomweyo ndiyo iyenera woweta nsomba, kaya m'galasi la m'tauni kaya m'dziwe lokumba kudimba: aitchule nsomba yake dzina loona, afunse kumene mbewu yachokera asanaithire m'madzi, ndipo ikamtopetsa asaitaye mumtsinje kapena m'nyanja. Haibulidi akatha, anthu adzapanganso wina chaka chamawa. Koma mtundu umene unaumbika pa thanthwe limodzi kwa zaka zikwizikwi ukafafanizika, palibe mwana wa munthu amene adzaubweze.