Chiyambi cha Dzina la Vaitheeswaran Koil, Kachisi wa Ambuye Sing'anga

Kummwera kwa dziko la India, m'chigawo cha Tamil Nadu, kumene mtsinje wa Kaveri umagawikana mphanda zambirimbiri usanathire m'nyanja, ndipo nthaka yonse ili madimba a mpunga okhaokha, kuli mudzi wina m'boma la Mayiladuthurai, pafupi ndi tauni ya Sirkazhi, umene dzina lake limapinda lilime la mlendo, chikhalirecho kwa eni dziko n'lomveka bwino lomwe. Mudziwo ndi Vaitheeswaran Koil. M'dzinali muli mawu atatu. Oyamba achokera ku "vaidya", amene m'chilankhulo chakale cha Sanskrit atanthauza sing'anga. Achiwiri, "Iswaran", ndiwo Ambuye, dzina laulemu la mulungu wa Ahindu Shiva. Ndipo "koil" m'Chitamil ndi kachisi, ngakhale pachiyambi penipeni mawuwa ankanena nyumba ya mfumu. Tsono kachisiyo, atakula mbiri koposa mudzi umene unamuzinga, anameza dzina la mudziwo, kotero kuti lero munthu wobadwira kumeneko amati kwawo ndi ku Kachisi wa Ambuye Sing'anga.

Nthano imene akuluakulu a kumeneko amasimba ponena za using'anga umenewu ikhudza Angaraka, mulungu wa nyenyezi yofiira ija Azungu amaitcha Mars, amene Atamil amati Sevvai. Akuti Angaraka, ngakhale anali mwini ukali ndi nkhondo, woopedwa ndi onse oombeza za nyenyezi, anagwidwa khate, ndipo mphamvu zake zonse sizinakhoze kumuchotsera banga ndi limodzi lomwe. Pamenepo anadzichepetsa, natsikira kumalo ano, nasamba m'thamanda la kachisi lotchedwa Siddhamirtham, napembedza Shiva, ndipo Shivayo, atavala maonekedwe a sing'anga, anamuyeretsa. Wowerenga Buku Lopatulika sangalephere kukumbukira Namani, kazembe wa nkhondo wa ku Aramu, amene anatsikira mu Yordano ali wakhate, pakuti m'nkhani zonse ziwiri wamphamvu ayamba wagonja asanachire. Chifukwa cha nthanoyi kachisiyu amawerengedwa pakati pa akachisi asanu ndi anayi a m'dera la Kaveri operekedwa kwa zounikira zakumwamba, amene onse pamodzi amatchedwa Navagraha, ndipo Lachiwiri, tsiku la Angaraka, anthu amachita kupanikizana pazipata.

Ena amati Shiva anabwera kudzachiza nthenda zonse 4,448, ndicho chiwerengero cha matenda a munthu monga mwa chiphunzitso cha asing'anga amakolo a Atamil otchedwa a Siddha, ndi kuti sanadze yekha, koma anatsagana ndi mkazi wake, amene pamalo pano amamutcha Thaiyalnayaki, atanyamula nsupa ya mafuta ochiritsa. Mankhwala ake a kachisiyu ndi zinthu za m'nyumba mwa mmphawi. Odwala nthenda za pakhungu amathira nsembe ya mchere ndi tsabola wakuda. A zotupa, potsata mwambo wamakedzana, ankasungunula m'madzi mbulu wa shuga wa nzimbe wosayeretsa, nakhulupirira kuti monga mbuluwo usungunuka, chotupanso chidzaphwa. Ochira amabwera ndi tizifanizo tasiliva ta diso, dzanja kapena mwendo, kukwaniritsa chowinda chawo. Ansembe amapereka timibulu totchedwa thiruchandu urundai, toumbidwa ndi phulusa lopatulika ndi dothi la pamalopo. Mtengo wopatulika wa kachisiyo ndi nimu, womwe uja wowawa masamba umene ifenso timaudziwa m'madera otentha a kwathu kuno, ndipo ndiyesa kuti sunasankhidwe mwangozi, popeza Amwenye akhala akutsukira zilonda masamba ake kuyambira kalekale. Kunena zoona, khate masiku ano limachizidwa ndi mankhwala a kuchipatala amene bungwe la WHO linavomereza mu 1981. Koma amene amaseka mayi wothira mchere sanagonepo ndi mwana wa zilonda usiku wonse.

Komatu mudziwu unali ndi dzina lina, lakale ndi lolemera koposa, ndilo Pullirukkuvelur, limene timalipeza m'nyimbo za Tevaram, zoimbidwa m'zaka za m'ma 600 ndi oyera mtima awiri, Appar ndi Sambandar. Sambandaryo anali mbadwa ya ku Sirkazhi komweko, choncho ankaimba za malo amene ankawadziwa bwino. Aphunzitsi a chipembedzo amaliphwanya dzinali panayi, nati likutchula anayi amene anapembedza Shiva pamalopo. "Pul" ndi mbalame, ndiye Jatayu, muimba wokalamba wa m'nkhani ya Ramayana, amene analimbana ndi Ravana, mfumu ya ziwanda, pamene ankaba Sita, mkazi wa Rama, nadulidwa mapiko, nagwa pansi. Ndipo akuti Rama ndi mng'ono wake Lakshmana, pomulemekeza monga kholo lawo, anatentha mtembo wake pamalo pano, pa dzenje la phulusa lotchedwa Jatayu Kundam, limene amwendamnjira amasonyezedwa kufikira lero. Tinene m'mbali kuti a ku Lepakshi ndi a ku Chadayamangalam, malo a m'zigawo zina za India, nawonso amalimbikira kuti mbalameyo inagwera kwawo, pakuti maliro a ngwazi sasowa eni. "Irukku" ndi Rig Veda, buku lakale kopambana la Ahindu, limene amalitenga ngati munthu wodzagwada. "Vel" ndi nthungo ya Murugan, mwana wa Shiva, amene pano amapembedzedwa m'dzina la Muthukumaraswamy. Ndipo "ur", amene m'kalankhulidwe ka masiku onse ndi mudzi chabe, ena amawamasulira kuti ndi dzuwa, kuti opembedzawo akwane anayi.

Nanga bwanji dzina lokoma chotere, loimbidwa ndi oyera mtima, linatsalira m'nyimbo, pamene linzake linafalikira m'kamwa mwa anthu onse? Ine ndiona kuti dzina loyambalo linali la anthu ophunzira, lofuna mphunzitsi kuti alimasule, losimba za amene anabwera kale. Pamene lachiwirilo linali la odwala, lonena chimene munthu akapeze akafika. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo anthu amene akhala akuyenda mitunda yaitali kudza kumeneku, mibadwo ndi mibadwo, kuyambira m'masiku a mafumu a Chola amene zolemba zawo zili pamakoma a kachisiyo, kufikira lero pamene kachisiyo akuyang'aniridwa ndi nyumba ya amonke ya Dharmapuram, ambiri a iwo sankadzera Rig Veda kapena muimba. Ankafunsa njira ya kwa sing'anga.

Chinanso chimene mudziwu watchuka nacho m'zaka zino ndi oombeza a nadi, amene amatenga chidindo cha chala chachikulu, cha kumanja kwa mwamuna ndi cha kumanzere kwa mkazi, nafunafuna m'mitolo ya masamba akale a kanjedza tsamba limene amati linalembedwa za moyo wa munthuyo asanabadwe. Nyumba zawo zandandalika m'misewu yozungulira kachisi, ndipo alendo ambiri ochokera kunja amadziwa mudziwu chifukwa cha iwo. Koma wowerenga asasokoneze ziwirizi: ula wa masamba ndi malonda a anthu a kunja kwa linga, olipiritsa aliyense mtengo wake, ndipo dzina la mudziwu silinachokere kwa iwo.