Aselefu a Imvi: Mbiri ya Akuluakulu Oyenda Okha pa Njira ya Mwanza

Boma la Mwanza limatchuka ndi zinthu ziwiri, manachesi ndi chipata. Manachesi ali ndi nyengo yake, koma chipata chilibe. Usiku ndi usana magalimoto a katundu amandanda pamsewu wa M6 kudikira kuolokera ku Zobue, m'dziko la Mozambique, ndipo mabasi a ku Harare ndi ku Johannesburg amatsitsa anthu kuti akadinditse mapasipoti. Pamzere wa odinditsawo sipalephera kupezeka gogo wopanda womuperekeza, chikwama chili m'manja. Achinyamata amayesa kuti zimenezi n'zamakono. Chikhalirecho anthu a imvi adaiponda njira imeneyi msewu usanathiridwe phula, kungoti mbiri yawo imasowa woikamba chifukwa okamba za maulendo akale amathamangira kutchula Wenela ndi anyamata ake.

M'nthawi ya Atsamunda, makamaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, munthu wofuna ntchito kunja adali ndi njira zitatu. Yoyamba idali Wenela, bungwe la eni migodi ya golide ya ku South Africa, limene dzina lake lidatsalira pa depoti ya mabasi mumzinda wa Blantyre. Yachiwiri idali Mthandizi, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1946 kuti lizipezera antchito minda ya Azungu ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi ku Zimbabwe. Mabungwe awiriwa ankalipira ulendo ndi kudyetsa munthu panjira, iye n'kudinda chala papepala la pangano. Njira yachitatu idali ya selefu. Liwuli lidachokera ku Chingerezi, ndipo linkanena za munthu wopita mwa iye yekha, wodzifunira yekha njira, chakudya ndi ntchito.

Mnyamata ankasankha pa zitatuzi, koma bambo wa zaka 50 kapena 60 adalibe chosankha. Olemba ntchito ankavula munthu malaya, dokotala n'kumupima chifuwa ndi kumuyeza pasikelo, popeza ankafuna mphamvu zokumbira pansi pa nthaka. Wa imvi ankabwezedwa pakhomo. Choncho pamene anyamata a Wenela adayamba kukwera ndege pa Chileka kupita ku Francistown m'zaka za m'ma 1950, atsibweni awo adali akuyendabe pansi kudzera ku Mwanza monga ankachitira anthu a m'ma 1910.

Nanga munthu wamkulu ankafunanji kunja? Ena umphawi ndiwo unkawatulutsa, monga njala ya 1949 itasesa m'nkhokwe m'chigawo cha kummwera. Ena adali atagwirako kale ntchito kunjako ali anyamata, ndipo ankadziwa kuti nkhalamba ikhoza kupezabe ulonda, ukhukhi kapena ntchito yosankha fodya. Koma padali gulu lina lofunika kulikumbukira, la amene sankapita kukafuna ndalama koma kukafuna munthu.

Mu 1935 komiti ya boma yotsogozedwa ndi Travers Lacey idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a m'dziko la Nyasaland adali kunja, kutanthauza mwamuna mmodzi mwa anayi alionse. Ambiri mwa iwo adali atasiya kulemba makalata ndi kutumiza ndalama. Amenewa ndiwo matchona. Tsono m'midzi ya chikamwini, monga ya kwa Kanduku ndi kwa Nthache, munthu akatchona mlandu wake umagwera mwini mbumba. Mkazi amene wadikira zaka khumi sangakwatiwenso ankhoswe asanamumasule, ndipo ankhoswe safuna kumasula banja mwini wake asanamveke. Nyakwawa ikamwalira, woyenera kulowa dzina mwina ndi mphwake uja adapita ku Salisbury kalekale. Mayi wokalamba akadwala amafuna kuona mwana wake asanatseke maso. Pa zonsezi mudzi sunkatuma mnyamata, poopa kuti nayenso akatchona. Unkatuma malume, munthu amene mawu ake mtchona sakadawakana. Akale adati nkhuyu zodya mwana zipota akulu, ndipo apa zinkawapota m'miyendo.

Ulendo unkakonzedwa anthu atakolola, cha mu Meyi kapena Juni, mitsinje itaphwa ndiponso kutentha kwa ku Tete kusanafike poipa. Amayi ankasinja ufa, kukazinga chimanga ndi mtedza, ndi kumanga mfutso, makaka ndi mchere pang'ono. Ameneyu ndiye adali kamba. Paphewa pankakhala bulangete, kamphika ndi chipanda cha madzi, m'manja ndodo ndi kankhwangwa. Wochenjera ankatengako fodya wopota, chifukwa panjira kachidutswa ka fodya kankagula zimene khobidi silikadagula. Ndalama zochepa zimene adapeza atagulitsa mbuzi ankazisokerera mumpendero wa chovala, osauza ngakhale woyenda naye, pakuti phukusi la moyo umasunga wekha. Asananyamuke ankakalawira kwa mfumu, ndipo a m'nyumba ankalangizidwa kudzisunga kufikira atabwera, poopa mdulo. Adzukulu a lero akhoza kuseka mwambo umenewu, koma udali njira yokumbutsira otsala kuti wapaulendo akadali wa pakhomopo.

Njanji idalipo. Kuyambira mu 1935, mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa pa Zambezi, munthu akadatha kukwera sitima ku Limbe, kutsikira cha ku Beira, n'kukwera ina yopita ku Umtali ndi ku Salisbury. Koma imeneyo idali njira ya aphunzitsi ndi makalaliki. Wosauka ankalunjika kumadzulo. Wochokera ku Blantyre ankaoloka Shire pa Mpatamanga, pamene padali msewu wakale, n'kukwera zitunda kufika ku Mwanza. Kuchoka apo ankalowa m'dziko la Apwitikizi pa Zobue kapena m'tinjira tozemba, n'kutsetserekera ku Moatize, kuoloka Revubue, mpaka kukaima m'mbali mwa Zambezi moyang'anana ndi mzinda wa Tete. Mlatho padalibe. Ankaoloka papantoni kapena m'bwato, ndipo apa mpamene kakhobidi kosokerera kaja kankasomoledwa. Kutsidya kudali dziko louma la milambe ndi masawu, kudzera ku Changara mpaka ku Nyamapanda ndi ku Mutoko. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Salisbury ndi makilomita ngati 600. Mnyamata ankatha mtundawu m'masabata atatu kapena anayi. Nkhalamba inkachedwerapo, chifukwa ufa ukatha inkaima pamudzi n'kugwira ganyu wosema mipini kapena woluka nkhokwe.

Funso lalikulu ndi lakuti munthu wofooka, wopanda ndalama, ankafika bwanji. Yankho lili m'miyambo ya alendo. Wapaulendo sankalowa m'mudzi ngati nkhuku. Ankafika dzuwa lisanalowe, n'kukhala pansi cha pabwalo, katundu ali pambali, kudikira kuti wina amuone. Akamutengera kwa mwini mudzi ankapereka malonje: kumene wachokera, mfumu yake, kumene akupita ndi chimene akukafuna. Malonje abwino ndiwo adali chiphaso chake. Akatha, ankapatsidwa madzi, nsima ndi pogona, popeza mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pamenepa imvi zinkathandiza. Gulu la anyamata khumi linkaopsa mudzi ndi kutha ufa, koma nkhalamba imodzi yonena kuti ikukafuna mwana wa mlongo wake inkamvetsa chisoni aliyense, pakuti midzi ya ku Tete nayonso idali ndi matchona ake. Chinenero sichinkavuta kwenikweni. Cha ku Zobue anthu amalankhula Chinyanja chomwechi, ndipo Chinyungwe cha m'mbali mwa Zambezi munthu wa ku Mwanza amachitolatola. Kudalinso chiwongo. Phiri akapeza Phiri mnzake, kapena Banda akapeza Banda, nkhani inkasintha: mlendo uja ankasanduka malume kapena agogo, n'kuperekezedwa m'mawa mpaka pamphambano. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana mu 1891 adadula minda ndi mitsinje, koma chibale ndi fupa, sichiola.

Si bwino kuikometsa nkhaniyi mopitirira. Pakati pa midzi padali nkhalango za mikango, achifwamba odikira obwerera kwawo ndi katundu, ndiponso apolisi a Apwitikizi amene ankatha kugwira munthu n'kumuika pa ntchito yokakamiza. N'chifukwa chake ngakhale wonyamuka yekha ankafunafuna anzake ogona nawo pamoto m'malo oopsa, m'mawa aliyense n'kuyenda monga mwa mphamvu zake. Ena adadwala n'kufera panjira, n'kuikidwa ndi anthu osawadziwa, kwawo osamvako uthenga. Wokafuna mtchona nayenso ankatha kusowa.

Kumalire a Rhodesia kudali thandizo lina. M'zaka za m'ma 1930 boma la kumeneko lidakhazikitsa malole ndi malo ogawira chakudya kwa obwera kudzafuna ntchito, ndipo popeza sankalipiritsa, anthu adazitcha Ulere. Komabe akuluakulu ambiri ankaukayikira ulere umenewu. Ankakumbukira Chibalo, bungwe lolemba antchito limene lidagwira ntchito kuyambira mu 1903 mpaka mu 1933, lotchuka ndi kutumiza anthu ku migodi ndi minda yoipa imene wina aliyense ankaikana. Lole ya ulere inkathera pamene mwini lole akufuna, pamene wa selefu ankafuna kukathera pamene iye akufuna.

Kufika kudali chiyambi chabe cha ntchito. Mtchona kawirikawiri ankasintha dzina, mwina n'kukwatira mkazi wa Chishona. Womufuna ankayenda famu ndi famu cha ku Mazowe, Bindura ndi Shamva, kapena m'makomboni a mumzinda, akufunsa ndi chiwongo ndi dzina la mfumu ya kwawo. Ankayambira kumene anthu a ku Nyasaland amasonkhana: kutchalitchi chimene amishoni a ku Nkhoma adayambitsa ku Salisbury mu 1912, chimene pambuyo pake chidakhala Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP, kumzikiti, m'magulu othandizana pa maliro, ndi kudambwe, pakuti gule wamkulu adafika m'mafamu ndi m'migodi, kumene eni dziko amamutcha zvigure. Safunsa adadya phula. Ena ankabwerako ndi munthu wawo. Ena ankangobwera ndi mawu omasula mkazi ndi bulangete la mayi. Enanso ankaonetsedwa manda.

Kenaka nkhondo idatseka njira. Frelimo idayamba kumenyana ndi Apwitikizi m'chigawo cha Tete mu 1968. Mlatho wa pa Zambezi, umene lero umatchedwa Samora Machel, udatha kumangidwa mu 1973, koma wapansi sadaudyerere: mu 1976 dziko la Mozambique lidatseka malire ake ndi Rhodesia, ndipo nkhondo ya Renamo itakula m'zaka za m'ma 1980 magalimoto ankadutsa pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe. Woopa mfuti ankazungulira ku Mchinji, Chipata, Lusaka ndi Chirundu, ulendo wodya ndalama zimene nkhalamba idalibe. M'zaka zimenezo ulendo udatembenuka. Anthu a m'midzi ija inkapatsa aselefu nsima ndiwo adabwera kudzapereka malonje kuno, ndipo othawa nkhondo m'dziko lonse la Malawi adapitirira 1 miliyoni. Misasa ya Luwani ndi Chifunga idali m'boma la Mwanza, Neno isanakhale boma palokha mu 2003.

Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, msewu udatsegukanso, koma oyendapo adali atasintha. Theba, imene idalowa m'malo mwa Wenela, idali itasiya kulemba Amalawi mu 1988, choncho aliyense adasanduka wa selefu. Chachilendo chenicheni chidali amayi. Kale mayi wamkulu ankatsala kusunga mudzi. Tsopano adayamba kukwera basi yekha, atanyamula mpunga, usipa ndi nyemba, zina zokagulitsa kuti apeze yobwerera, zina zokapatsa mwana wake amene ali m'chikuta ku Joni. Kamba adakhala yemwe uja, kungowonjezapo nkhuku yokazinga ndi zitumbuwa, ndipo ndalama zidachoka mumpendero n'kupita pamfundo ya chitenje pamodzi ndi kapepala ka nambala ya foni. Ulendo wa mwezi wathunthu udasanduka wa masiku awiri, kudzera ku Nyamapanda ndi ku Beitbridge mpaka pa Park Station.

Gulu lomaliza la okalamba oyenda okha lidadutsa pa Mwanza molowera kuno. Mafamu a Azungu atayamba kulandidwa ku Zimbabwe mu 2000, antchito ambiri ochokera ku Malawi adataya ntchito ndi pokhala pomwe. Lamulo la unzika la 2001 lidasiya ambiri a iwo ndi ana awo opanda dziko, mpaka malamulo atsopano a 2013 adakonzako zina, ndipo mu 2005 ntchito yogwetsa nyumba ya Murambatsvina idasesa ena m'matauni. Matchona ena a zaka 70 adatsika pachipata atangosunga m'mutu dzina la nyakwawa imene idamwalira kalekale. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Mwambo wa chikamwini unkamupezera malo munthu wotere: akatchula dzina la mayi ake ndi la alongo ake, adzukulu a alongowo ankamupatsa kanyumba ndi kamunda. Vuto lidali la ana amene adabereka kunjako. Kwa Ashona mwana ndi wa bambo, choncho ku Zimbabwe ankauzidwa kuti kwawo ndi ku Malawi. M'midzi ya kwa Kanduku ndi kwa Nthache mwana ndi wa mayi, choncho atafika kuno ankauzidwa kuti kwawo ndi ku Zimbabwe. Pa chifukwa chimenechi ambiri a anawo adatsalira kutsidya kwa Zambezi, ndipo bambo awo adaoloka pa Zobue okha, monga momwe adapitira.