Mbiri ya kachirombo kosintha malaya

Mvula ikangokhazikika mu Januwale, mabenchi a pachipatala cha Lirangwe ndi cha Chileka amadzaza ndi amayi obereka ana otentha thupi. Mwana amabayidwa pachala, kadontho ka magazi kamagwera pa kachida koyezera, mizere iwiri n'kutulukira. Funso la amayi ambiri limakhala limodzi: "Adokotala, mwanayutu wamwa LA mwezi wathawu, malungo abwereranso bwanji?" Chikuku mwana akadwala kamodzi ndi basi. Nanga malungo?

Funsoli lavutitsa asayansi zaka zoposa 100. Alphonse Laveran anakaona kachirombo ka malungo koyamba m'magazi a wodwala ku Algeria mu 1880. Mu 1965 ofufuza a ku London anaona pa anyani kuti chitetezo cha m'thupi chikangokazindikira, kachirombo ka malungo kamasintha maonekedwe. Mmene kamachitira zimenezi zinadziwika mu 1995, pamene magulu a ofufuza ku America anapeza ma gene otchedwa var. Plasmodium falciparum, mtundu umene umatipha kwambiri kuno, uli ndi ma gene amenewa pafupifupi 60. Tinene kuti ndi malaya 60 m'sutikesi: kamavala amodzi okha, ndipo asilikali a m'thupi akawazolowera, tizirombo tina timakhala titavala kale ena.

Malayawa ndi puloteni yotchedwa PfEMP1, imene kachiromboka kamaika kunja kwa selo yofiira ya magazi. Ndi yomata. Selo imakakamira m'timitsempha ting'onoting'ono kuti isafike ku kapamba, kumene ikanawonongedwa. Ikakakamira mu ubongo, ndiye malungo aakulu aja: mwana kuchita linjirinjiri, kukomoka, ambulansi n'kuthamanga naye mu msewu wa M1 kudutsa Lunzu mpaka ku Gulupu.

Kumeneko, ku chipatala cha Queen Elizabeth, ndi kumene Malawi analowa m'mbiriyi. Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba kufufuza ana okomoka ndi malungo mu 1986, ndipo muyezo wawo wa Blantyre Coma Score wa mu 1989 ukugwirabe ntchito m'mayiko ambiri. Kuyambira 1996 anayamba kupempha makolo kuti alole kuunika matupi a ana amene amwalira. Taganizirani: maliro ali m'nyumba, achibale akudikira panja, munthu n'kuvomera. Makolo amenewa maina awo sali m'mabuku, koma ine ndimawawerengera pamodzi ndi asayansiwo. Chifukwa cha iwo, mu 2007 Jacqui Montgomery ndi anzake anaonetsa kuti m'thupi la mwana mmodzi, tizirombo ta mu ubongo timayatsa ma var osiyana ndi ta m'ziwalo zina. Mu 2014 Dumizulu Tembo, Mmalawi mnzathu, anapititsa patsogolo ntchito yomweyo.

Apa tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Chloroquine analeka kugwira, dziko lathu n'kumusiya mu 1993, loyamba mu Africa kutero. Fansidar nayenso anafooka, ndipo kafukufuku wa ana pachipatala cha Chileka pakati pa 2003 ndi 2005 anatsimikiza zimenezi LA asanabwere mu 2007. Pamenepo n'kuti zilembo za chibadwa cha kachirombo zitasinthiratu. Nkhani ya ma var ndi ina: zilembo zimakhala zomwezo, chimasintha ndi chakuti gene iyi yatsekedwa, iyo yatsegulidwa. Ndi zimene amazitcha epigenetics.

DNA ya kachiromboka imakulungidwa pa timapuloteni totchedwa histone. Pamene yakulungidwa mothina, gene siwerengeka. Mu 2005 magulu a Artur Scherf ku Paris ndi Alan Cowman ku Melbourne anapeza kuti puloteni ya Sir2 imathandiza kutseka ma var. Mu 2009 panadziwikanso ina, HP1, imene imagwira malo otsekedwawo kuti asamasuke. Kachirombo kakagawikana, ana ake ambiri amatengera dongosolo lomwelo, ochepa n'kusintha. Ochepawo ndi amene amapulumuka n'kupitiriza matenda.

N'chifukwa chake agogo a ku Lirangwe, amene udzudzu wawaluma moyo wawo wonse, amangomva kuphwanya m'thupi, pamene mdzukulu wa zaka ziwiri akhoza kugonekedwa. Thupi la agogowo lakumana ndi mitundu yambiri ya malayawa. Mtsikana wa pathupi poyamba amakumana ndi mtundu umene sanauonepo, VAR2CSA, wofotokozedwa ndi ofufuza a ku Copenhagen mu 2003, umene umamata pa nsengwa n'kuchititsa kuti mwana abadwe wochepa thupi. Choncho, ngakhale anafooka pochiza, Fansidar wa ku sikelo si wotaya m'thengo pobwerera kunyumba.

Mu 2014 kunadziwika kuti HP1 yemweyo amatsekanso gene ya AP2-G. Ikatseguka, kachirombo kamaleka kuchulukana n'kusanduka mtundu umene udzudzu umatola ukaluma. Mankhwala olimbana ndi maloko amenewa akadali m'malabotale, sanafike pa zenera la famase ku Chileka. Koma kafukufuku wa m'maboma a Blantyre, Thyolo ndi Chikwawa waonetsa kale amene amasunga tizirombo totere kwambiri: ana a msinkhu wa sukulu, amene kawirikawiri satentha thupi, sapita kuchipatala, ndipo pakhomo neti ikachepa ndi iwo amagona opanda.