Bishopu Charles Mackenzie ndi Misyoni ya ku Magomero

Mamembala onse a bungwe lathu amalidziwa dzina la Magomero, koma si onse adziwa mbiri ya munthu amene anabukitsa malowo kufikira kutsidya la nyanja. Cifukwa cace tayesa cinthu coyenera kulemba pano mwacidule za moyo ndi nchito ya Ambuye Bishopu Charles Frederick Mackenzie, Bishopu woyamba wa Mpingo wa Anglican m'dziko lino.

Iwo anabadwa m'dziko la Scotland m'caka ca 1825. Anaphunzira pa sukulu yaikuru ya Cambridge, kumene anachuka ndi nzeru za masamu, ndipo pa mayeso otsiriza m'caka ca 1848 anakhala aciwiri mwa onse. Akadafuna akadakhala komweko mwa ulemu ndi mtendere, koma m'caka ca 1855 anatsagana ndi Bishopu Colenso kunka ku Natal, nagwira nchito ya Mpingo kumeneko.

M'mwezi wa Disembala 1857 Dr. David Livingstone analankhula ku Cambridge za nkhanza ya malonda a akapolo, napempha ophunzira kuti atumize aphunzitsi kuno. Mau amenewa ndiwo anabala bungwe la U.M.C.A., ndipo Mackenzie anasankhidwa kukhala mtsogoleri wace. Anadzozedwa Ubishopu ku Cape Town pa 1 Januwale 1861.

Anakwera mtsinje wa Shire pamodzi ndi Livingstone m'sitima yochedwa Pioneer, natsikira kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa. Pokwera ku mapiri m'mwezi wa Julayi, pa mudzi wa Mbame, ulendo wao unakomana ndi anthu 84 olikutengedwa kunka ku Tete, amuna ali m'magoli. Anthuwo anamasulidwa, ndipo ndiwo anakhala mbeu yoyamba ya Misyoni. Mfumu Chigunda ya Amang'anja inawapatsa malo ku Magomero, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi.

Apa ndipo pali mlandu umene anthu akali kukangana nao. Masiku amenewo Ayao anali kulowa m'dziko la Amang'anja, ndipo mafumu a Amang'anja anadandaulira Bishopu kuti awathandize. Iwo anabvomera, atapangana nao kuti aleke kugulitsa anthu. Ndipo m'mwezi wa Ogasiti 1861 anatsogolera nkhondo ndi mfuti, natentha misasa ya Ayao, namasula am'nsinga ambiri. Mbiriyi itamveka ku England, akuru ena a Mpingo anadzudzula kolimba, nati wansembe sayenera kugwira mfuti.

Ife tiyenera kuweruza mosakondera. Munthu wa cifundo sakadatha kupenyerera ana ali m'zingwe ndi kungokhala cete. Komanso Bishopu anali mlendo wosadziwa cinenero kapena ciyambi ca mkanganowo. Ayao ambiri anali othawa nkhondo ndi njala kwao, ofuna pokhala. Ndipo pakati pa Amang'anja panalinso ena ogulitsa anzao. Amisyoni anzace anazindikira zimenezi pambuyo pace, ataona kuti alowa m'ndeu ya eni dziko asanamve mbali zonse ziwiri.

Imfa yao inadza msanga. Anapangana ndi Livingstone kukomana pa mathiriro a mtsinje wa Ruo pa 1 Januwale 1862, pakuti mlongo wao anali m'njira kudza kuno. Anacedwa cifukwa ca ulendo wokalanga mfumu ina imene inacitira cipongwe anthu a Misyoni, ndiponso mvula inadzaza mitsinje. Potsika Shire bwato lao linagubuduka, mankhwala a malungo natayika m'madzi. Ndipo pofika anapeza Livingstone atapita kale. Anadikira pa cisumbu ca Malo, pafupi ndi Chiromo, malungo nawagwira, namwalira pa 31 Januwale 1862, ali ndi zaka 36. Mnzao, Bambo Henry Burrup, anawaika m'manda iyenso alikudwala, ndipo atanyamulidwa kubwerera ku Magomero anamwalira m'mwezi wa Febuluwale.

Otsalawo anasamukira kwa Chibisa, kumene njala ndi matenda zinatenga Bambo Scudamore ndi Dr. Dickinson m'caka ca 1863. Bishopu William Tozer, wolowa m'malo, anacotsa Misyoni napita nayo ku Zanzibar m'caka ca 1864. Ambiri anayesa kuti nchito yonse yapita pacabe.

Koma sikunatero ai. Mmodzi wa anyamata omasulidwa m'caka ca 1861, Chuma, ndiye anali pakati pa otsogolera amene ananyamula mtembo wa Livingstone kufikira ku gombe la nyanja yaikuru. U.M.C.A. inabwerera, nikhazikika pa Likoma m'caka ca 1885. Ndipo m'caka ca 1965 mwana wa dziko lino, Josiah Mtekateka, anadzozedwa Ubishopu mu Mpingo womwewo.

Bishopu Mackenzie anakhala m'dziko lino miyezi yosakwana khumi. Anaphonya potenga mbali asanafunse mokwanira, koma anataya ulemu wa kwao ndi moyo wace cifukwa ca anthu osakhala a mtundu wace. Ife adzukulu a Amang'anja ndi Ayao, amene lero tikhala pa bwalo limodzi, tiyenera kukumbukira zonse ziwirizi pamene tiweruza milandu ya anzathu.